Batani la "Ndikaganize Kaye"

Sindinamvetse konse chifukwa chimene a Loyce Kaliati, amene ankatayipa kalata yonse tiyi asanazizire, anathera masiku atatu pa mawu a batani limodzi.

Ankagwira ntchito m'kashopu kotayipira makalata pa Mtakataka. Kalabu ina ya alimi a mpunga inawapempha kuti akonze fomu ya pa tabuleti, poti alimi ambiri sankatha kulemba. A Loyce anaikonza mu pulogalamu ya masilayidi oonetsa pamisonkhano aja: funso limodzi pa silayidi, pansi pake batani lobiriwira la "Inde" ndi lofiira la "Ayi". Ukadina, funso lina linkabwera.

Funso lachinayi linali lakuti, "Kodi mukulola kuti chigawo chanu cha munda chipatsidwe kwa wina?"

Tsiku loyeserera, wapampando wa kalabu anagwirira tabuleti a Harrison, nkhalamba yolima yokha chimwalirireni akazi awo, n'kuwawerengera funsolo. Chala cha a Harrison chinazungulirazungulira pofiira, kenaka chinagwera pobiriwira.

A Loyce anawatsatira panja.

"Agogo, mundawo mwatopa nawo?"

"Ine? Muli mbande zanga mmene muja."

"Nanga bwanji mwadina Inde?"

"Mwanawe, munthu wakugwirira makina ndi manja awiri, iwe n'kumuyankha kuti ayi? Ndinaleredwa ndi mbuzi ine?"

A Loyce sanaseke. Anabwerera pampando wawo, nafufuta "Ayi". Analemba "Sindifuna", koma anaona kuti n'chimodzimodzi. Analemba "Pepani", nafufutanso, pakuti a Harrison analibe chopepesa. Tsiku lachitatu analemba "Ndikaganize kaye", n'kukonza kuti wodina pamenepo alembedwe m'gulu la osunga minda yawo. Silayidi yotsatira inkangoti, "Zikomo, mufike bwino."

Pa tsiku lenileni, okalamba khumi ndi mmodzi anadina pamenepo. A Harrison anadina, nawomba m'manja mwaulemu kwa wapampando, nakwera njinga kupita kukawokera mbande zawo.

Koma wapampandoyo anali atalonjeza kale zigawozo kwa anthu ena. Anauza mwini shopu kuti kalabu sidzabweretsanso ntchito ngati a Loyce akhalabe pashopupo. Mwini shopu anayamba kulankhula mozungulira, ndipo a Loyce, amene ankadziwa bwino mmene anthu amakanira, anamva. Anapukuta kompyuta, naivundikira ndi nsalu, napereka kiyi.

M'mawa mwake anaima pamsewu ndi chikwama chimodzi. Mayi wogulitsa mandasi amati anakwera minibasi ya ku Salima. Wowotcherera njinga amalumbira kuti inali yolowera ku Golomoti.