Faiti ya Atate ake Esinati

Chizindikiro choyamba chinali kachifuwa kouma kamene amuna anga, a Yotamu Banda, anayamba nako nthawi yokolola m'chaka cha 1955. Tinali titasamuka ku Katete zaka zingapo m'mbuyomo n'kupatsidwa malo ku Bundabunda, ndipo chimanga chathu chaka chimenecho chinachita bwino. Ine ndinkayesa fumbi la mapesi. Koma nkhokwe itadzaza, chifuwa sichinathe. Pofika mu Julayi, m'chisanu chonse chija, ankadzuka mphasa itanyowa ndi thukuta, ndipo lamba wa buluku anamuboola kabowo kena.

Ndinawachonderera kuti tipite kuchipatala koma anakana. Anapitako ku nkhondo ya azungu ali mnyamata, nabwerako ndi chipsera pantchafu komanso Chingerezi cha asilikali, choncho ankati munthu wopulumuka zipolopolo sangakwere lole chifukwa cha chifuwa. Tinayesa mizu, tinayesa mapiritsi a m'sitolo ya ku Chongwe, osathandiza. Tsiku lina mu Ogasiti ndikuchapa ndinapeza magazi pa kansalu kawo kopukutira. Ndinakauza akulu a mpingo, ndipo ndi iwo amene anawakweza lole ya ku Lusaka.

Kuchipatala tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anatenga makhololo m'kabotolo, anawajambula m'chifuwa, natiuza kuti tidzabwerenso. Titabweranso anati dokotala wachokapo. Ulendo wachitatu ndi pamene tinamuona, mzungu wankhope yotopa, amene anakweza chithunzi chakuda pa zenera nalankhula mofulumira. Ine Chingerezi sindimva, koma liwu limodzi linabwera kawiri ndipo ndinaligwira: faiti. Womasulira anati ndi chifuwa chachikulu, agonekedwa miyezi yambiri, ndipo dokotala akuti alimbe mtima. Amuna anga n'kuti atawongoka kale pampando ngati ali pa perete ya asilikali. Titatuluka anandiuza kuti womasulirayo wabisa mawu: dokotala sanati alimbe mtima, wati amenye nkhondo.

Mavuto athu anakulira pamenepo. M'wodi ya odwala chifuwa tsiku linkayenda mofanana: jekeseni pathako m'mawa, mankhwala owawa kangapo pa tsiku, kenaka kugona pakhonde osagwira kanthu. Ine ndinkagona kwa alamu anga kukomboni n'kumabwera ndi phala masana. Nthawi zambiri ndinkapeza bedi lawo lilibe munthu. Mwina ali kuseri akunyamula nkhuni za kukhitchini, mwina akuguba kuzungulira wodi thukuta lili kamukamu. Anamwino akawadzudzula ankayankha kuti ku nkhondo wogona pansi ndi mtembo kapena wamantha.

Pabedi loyandikana nalo panali mphunzitsi wina, a Mwale, wowonda kuposa iwo. A Mwale ankati a Banda asokoneza mawu. Faiti, ankatero, ndi ndewu ya kanthawi, ngati ya anyamata pamowa. Bato ndi ya magulu a asilikali, imatha tsiku lomwelo. Koma matenda awa ndi sitirago, liwu limene linkamveka kwambiri m'misonkhano ya ndale masiku amenewo, kutanthauza kulimbana nthawi yaitali ndi chinthu chokuposa mphamvu, ngati ng'ombe yotitimira m'matope. Amuna anga ankati Chingerezi cha aphunzitsi n'cha m'buku, chawo anachiphunzira mfuti zikulira. Ankakangana mpaka onse awiri kutsamwa ndi chifuwa, ine nditanyamula mbale ya phala likuzizira, ana nditawasiya kwa anansi, munda uli wosasosa. Ndinkapsa mtima, koma ndikanawakalipira bwanji pamaso pa odwala anzawo?

Mu Novembala mvula itagwa ndinabwerera kumudzi kukadzala. Jekeseni zinali zitawabwezera amuna anga thupi pang'ono. Patangopita masiku ochepa ndinangoona atulukira pakhomo ndi kachikwama kawo, atachoka kuchipatala osatsanzika. Anati nkhondo aipambana. M'mawa mwake anamanga ng'ombe pa pulawo. Ndinalankhula, ndinalira, ndinaitananso akulu a mpingo, koma ulendo uno sanamvere aliyense. Sabata isanathe anagwa pakati pa munda akusanza magazi. Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu waukulu, ndipo tinadikira lole iwo atatsamira pamiyendo panga.

Titafika ku wodi, pabedi la a Mwale panali munthu wina. Anamwino anati anamwalira, chifukwa anabwera kuchipatala matenda atadya kale mkati. Itayandikira Khirisimasi mwana wathu wamng'ono, Esinati, anayamba kutentha thupi ndi kukana chakudya. Za ameneyo sindinafunse aliyense. Ndinamubereka n'kukwera naye lole, ndipo atamuyeza anamupeza nacho chifuwa chomwecho.

Namwino wamkulu wa wodiyo, mayi Lungu, anapita kukaima pamutu pa bedi la amuna anga, ine ndili pomwepo.

"Ba Banda, nimvereni bwino," anatero. "Dokotala anakamba faiti, inde. Koma omenya nkhondo ni mankhwala aya, osati imwe. Imwe nchito yanu ni kugona, kumeza na kudya. Mukathawanso muzapereka matenda ku ana onse."

Amuna anga anatembenukira kukhoma. Nthawi ya alendo itatha, ndikusonkhanitsa mbale, anandifunsa motsitsa mawu ngati Esinati wadyako kanthu. Kuyambira tsiku limenelo anagona. Ankameza mankhwala aja nkhope itakwinyika, ankatembenuka okha jekeseni ikabwera, ndipo miyezi inadutsa akuyang'ana denga. Ine mkwiyo sunandithere msanga. Mawu a mayi Lungu anali ochepa ndi omveka, ndipo akananenedwa mu Ogasiti. Koma dokotala anafulumira, womasulira anafupikitsa, amuna anga anatola liwu limodzi n'kulimasulira okha, ndipo panalibe amene anafunsa ngati tamvana.

Anatuluka chakumapeto kwa 1956 napitiriza mankhwala kunyumba mpaka atauzidwa kuti asiye. Esinati, poti anapita msanga, anachira bwinobwino, ndipo lero ali ndi ana ake. Atate ake ali moyo, akudya ndi kuyenda, koma phapo limodzi linawonongeka pa kugwa kuja. Pulawo sanaigwirenso. Amakonza njinga pamsika, ndipo akakwera kachitunda ka kutchalitchi amaima pakati kuti apume.

Inu amene chifuwa chakukhalitsani, musadikire magazi. Pitani msanga, ndipo ana mupite nawo akawayeze. Dokotala akalankhula musatuluke ndi liwu limodzi limene mwatola m'Chingerezi chake. Funsani, ngakhale akuoneni ngati ovuta, mpaka akuuzeni m'chinenero chanu zoyenera kuchita m'mawa, masana ndi madzulo. Ife tinachita manyazi kufunsa, ndipo manyaziwo anatidyera phapo.