Atelala ndi chikepe

Atelala a pakona paja ndi chimunthu cha chifuwa chotakata, mawu ngati ng'oma. Kasitomala wamwano amamubweza ndi diso lokha. Koma muwaonetse chikepe, chija chimakweza anthu m'nyumba zosanjikizana, muona bambo wamkulu akusanduka mwanapiye. Amati chitseko chikangodzitsekera chokha, mpweya umawathera, thukuta kamukamu.

Zaka zonsezi ankangokwera masitepe n'kumanama kuti akulimbitsa thupi. Tsoka ilo, bondo linayamba kukana, ndiye mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anasamukira pansanjika yachisanu ndi chinayi ali woyembekezera. Akazi awo sanapite m'mbali. Anawauza kuti akapanda kukwera, mdzukulu adzamuonera pafoni. Mawu amenewa anawalasa mumtima, tsiku limenelo makina awo osokera sanalire.

Anaganiza zowanyenya manthawo pang'onopang'ono. Anayambira m'kachipinda koyeseramo zovala, kutseka katani n'kuwerenga mpaka khumi. Sabata yachiwiri analowa m'kabati ya masuti, chitseko atasiya mpata wa chala. Yachitatu anatsekeratu. Tsiku lina mayi wina wodzatenga diresi lake, ataona kuti m'shopu muli zii, anatsegula kabatiyo kuti adzifunire yekha, n'kupeza atelala ali chilili pakati pa majekete, atatsinzina, akuwerenga. Mayiyo analiyatsa liwiro, nsapato imodzi n'kutsala pakhomo. Mpaka lero amasoketsa kwina.

Atazolowera kabati, anapita pa chikepe chenicheni cha m'nyumba ya maofesi yoyandikana ndi shopu yawo. Masiku atatu ankangochiyang'ana. Kenako anayamba kulowa n'kutuluka chisanatseke, mpaka mlonda wa pamenepo anawafunsa ngati ataya kanthu. Atamuululira, mlondayo anaseka chikhakhali, komabe ndi yemweyo amene ankawadinira batani masana aliwonse. Lero nsanjika imodzi, mkuja ziwiri. Atafika pa yachinayi chikepe chinagwedezeka pang'ono, atelala anatukwana amene anachipanga ndi mtundu wake wonse, ndipo sabata yathunthu sanapondeko. Anabwerera okha, mwamanyazi, n'kuyambiranso pa yachiwiri.

Mdzukulu sanadikire. Anabadwa agogo ake atangofika pansanjika yachisanu ndi chimodzi pa zoyeserera zawo zija. Tsiku limene mayi ndi khanda anatuluka m'chipatala, atelala anavala suti, anapita kunyumba kwa mwana wawo, nadina okha batani la nambala naini. Anagwira chitsulo cha m'mbali mwa chikepecho ndi manja onse awiri, akupuma mmene anadziphunzitsira.

Mwana wawo atatsegula chitseko anayang'ana bondo lawo, kenako chikepe chikudzitsekera kumbuyo kwawo. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Ababa, mwakwera chimenechi? Nokha?"

"Ndipatse kaye mdzukulu wanga," anatero atelala, akupukutira manja pajekete. "Zotsikazo tikambirana mawa."