Gitala Lopanda Mutu Linatsala Pang'ono Kundikwezetsa Ndege

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera kuti ndinalakwa. Amayi amati wolakwa amagwa nkhope, koma yangayi mpaka lero ikukana kugwa. Ndikangokumbukira ndimaseka mpaka m'nthiti kuwawa. Komabe kulakwa ndinalakwa, ndipo kunandidyera chinthu chokhacho chomwe ndinadzigulirapo ndekha m'dziko lino. Mvetserani kuti nanu zisadzakuonekereni.

Ndine mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndimakhala kuno ku dziko la azungu, m'tauni ya West Bromwich, ndi makolo anga. Ndinachoka ku Lilongwe nditangomaliza Fomu 1. Amayi ndi nesi pachipatala china cha boma, adadi amanyamula katundu ku warehouse, ndipo Lamlungu amaimba gitala kutchalitchi chathu cha Amalawi chomwe chimakumana mu holo ina ku Oldbury.

Matenda anga ndi amodzi: pamalo pakangoti zii, manja amandiyabwa. Ndinathirapo mchere m'botolo la shuga tsiku la misonkhano ya amayi. Ndinasinthapo foni ya adadi kuti izilankhula Chitchaina. Chachikulu chinali chaka chatha, pomwe ndinatenga foni ya amayi n'kulemba pagulu la tchalitchi kuti kwathu kuli mang'ina aulere, obwera msanga ndiwo adye. Pasanathe ola, pakhomo panali magalimoto asanu ndi ma-anti atanyamula mabakuli. Tsiku limenelo amayi sanakalipe. Anangotulutsa pasipoti yanga m'dirowa, n'kuiika patebulo, n'kunena kuti chipongwe china chimodzi chokha, ndikamalizira sukulu ku Malawi, kogonera komweko, holide kwa azakhali ku Kasungu. Amayi anga akalankhula motsitsa mawu, dziwani kuti tikiti aifufuza kale.

Ndinapirira miyezi isanu ndi iwiri. Inu, miyezi isanu ndi iwiri! Kuti manja apeze chochita ndinayamba kuphunzira gitala, koma la adadi ankandikaniza kuligwira iwo kulibe. Ndi gitala lakuda, lolemera ngati thumba la simenti, lomwe anawasiyira achimwene awo omwe anamwalira ife tisanabwere kuno. Amalikulunga m'chitenje chakale asanalitsekere m'bokosi lake, ndipo akaimba nalo mapemphero onse, Lolemba amadzuka akudandaula phewa ndi msana. Ndiye ndinayamba kuluka tsitsi ana a ma-anti kuti ndigule langa.

Ndinalipeza pa intaneti, pomwe anthu amagulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito. Lachinayi lina nditaweruka ndinakwera basi ya ku Walsall pamodzi ndi mnzanga wa kusukulu, mtima uli phaphapha. Wogulitsayo anali mzungu wachikulire wa tsitsi lalitali lotuwa. Atatulutsa kachikwama kake ndinaganiza kuti wandipusitsa, poti kanali kakang'ono ngati kosungiramo ambulera. Atatsegula ndinaseka mokweza pakhomo pa eni.

Gitala lopanda mutu, abale. Khosi likupita bwinobwino, kenaka lathera panjira, ngati nkhuku ya pa Khirisimasi. Tizitsulo totchunira nsambo, tomwe pa magitala ena timakhala kumutu, apa tili kumatako. Thupi lake si lozungulira ngati ena, ndi lokhotakhota, lobenthuka uku ndi uku, ngati analiluma galu. Timizere tachitsulo ta pakhosi n'topendekera, moti poyamba ndinayesa maso anga ndiwo apendeka. Pakona lina panali pokalika, ndipo lamba wake ankanunkha fodya.

Koma nditalinyamula, kuseka kunatha. Kupepuka kwake ngati mwana wakhanda. Nditakhala pansi, kobenthuka kaja kanakwanira pantchafu panga ngati anachita kundiyeza, khosi n'kudzuka lokha kubwera m'dzanja, osafuna kuti ndiwerame. Kuseri kwa khosi sikozungulira, kuli ngodya, ndipo chala chachikulu chimangodziwa chokha pokhala. Vuto linali limodzi: dzanja langa linazolowera kukagunda mutu, ndiye ndikamatsetsereka linkapitirira n'kukagwira mphepo. Totchunira tija natonso n'touma, tinandisiyira mabala m'zala. Koma mawu ake, atalilumikiza ku ampu yokuzira mawu, anali oyera ngati belu. Ndinalikonda pomwepo, ndisaname.

M'basi pobwerera sindinakhazikike. Ndinkatsegula zipi, kusuzumira, kutseka, kutsegulanso. Ndipo penapake tisanafike kwathu ndinazindikira chinthu chomwe ndikanakhala wanzeru ndikanachisiya m'basi momwemo: khosi la gitala langa linali lakuda, chimodzimodzi la adadi.

Inu owerenga, ganizo loipa silibwera ndi nyanga. Limabwera likumwetulira, likuti mphindi ziwiri zokha.

Ndinalibisa m'kabati ya zovala, osauza munthu. Lachisanu ndinatapa utuchi m'chipinda chophunzirira ukalipentala kusukulu. Madzulo ake adadi anabwera kuchokera kokonzekera nyimbo ku Oldbury n'kusiya bokosi lawo pabalaza monga mwa masiku onse. Loweruka m'mawa iwo ali ku shifiti, amayi akusamba, ndinatulutsa gitala la malemu n'kulilowetsa kunsi kwa bedi langa. M'bokosimo ndinagonekamo langa, thupi lonse ndinalikulunga m'chitenje chija, kungosiya nsonga ya khosi yodukayo, ndipo pomwe pamakhala mutu ndinawazapo utuchi. Ntchito yaukhondo. Pulani inali yakuti adadi akaweruka masana n'kutsegula kuti ayeserere nyimbo, ine ndikhale pamasitepe, akangofuula ndituluke ndi gitala lawo, tonse tiseke, amayi asanamve n'komwe.

Zomwe sindinawerengere n'zakuti amayi adzandituma. Itatsala pang'ono nthawi yoti adadi afike, anandipatsa chikwama kuti ndikagule chinangwa ndi nsomba zouma kushopu ya zakudya za kwathu. Ndinati mutu ukundipweteka, anati mphepo ya panja ndi mankhwala. Ndinathamanga ngati wopenga. Tramu, sitima ya m'tauni yomwe ndinkakwera, inachedwa. Mushopu munali mzere, ndipo patsogolo panga panali agogo ena osankha nsomba imodziimodzi, kuinunkhiza, kuibweza. Ndinkangopondaponda pansi, mwendo uwu, mwendo uwo. Kenaka foni inanjenjemera m'thumba. Inanjenjemeranso. Inayamba kunjenjemera osalekeza.

Linali gulu la tchalitchi. Amayi anali atalemba kuti tipempherereni, munthu wina wadula gitala la abambo ndi sowo, likuoneka kuti zachitikira ku holo dzulo nthawi ya tiyi. Pansi pake mauthenga anali akugwa ngati matalala. Ena Ambuye atichitire chifundo, ena nsanje ithetsa mpingo, ena tikubwera.

Amene simunakhale pakati pa Amalawi a kunja simungamvetse liwu lakuti tikubwera. Kuno munthu akaona tsoka sasiyidwa yekha, ndipo kupepesa kwa pafoni sikuwerengedwa. Pomwe ndinkafika kunyumba, nsapato zinali mbwee pakhonde. Azibambo anali pamipando, azimayi atayala zitenje pakapeti, ketulo ikuwira kachitatu. Bokosi linali pakati pa balaza, lotseka, ngati mukudziwa kale chiyani. Adadi anali pakona, chipewa cha ku warehouse chili m'manja, maso ali ofiira. Anali atangotsegula kamodzi, kuona khosi loduka ndi utuchi, n'kutseka. Anakana kuyang'ananso.

Apa pokha ndiye kuseka kunandithawa. Ndinali ndisanaonepo adadi akulira. Ndinamva akuuza bambo wina motsitsa kuti achimwene sanasiye nyumba, sanasiye munda, anasiya ichi chokha. Ndinafuna kuthamangira m'chipinda n'kukalitulutsa pomwepo. Koma amayi anali chiimire pakhomo la khitchini, ndipo ine m'maso mwanga ndinkangoona pasipoti patebulo, yunifomu ya sukulu yogonera, nyemba zofumbwa. Ndinalowa kukhitchini, ndinatuluka, ndinakwera masitepe, ndinatsika. Ndinagawira anthu tiyi yemwe anali naye kale. Anti wina mpaka anati taonani mwanayu, chisoni chamusokoneza mutu.

Manong'onong'o anali atayamba, anthu akufunsana kuti dzulo anatsala mu holo nthawi ya tiyi ndani. Kenaka amayi a Tadala, nesi mnzawo wa amayi amene amatsogolera mapemphero a azimayi, anaimirira n'kudzimanga chitenje.

"Abale, chinthu chogwidwa ndi manja a nsanje sichigona m'nyumba," anatero. "Tichipempherere, bambo a Tadala akachitaye kotayira zinyalala asanatseke. Koma achimwene, musanatsanzikane nalo, lionani nkhope komaliza."

Kotayira zinyalala! Gitala langa la masiku awiri! Ndikalankhula, ndege. Ndikakhala chete, zinyalala.

Adadi anagwada pang'onopang'ono n'kutsegula bokosi. Azimayi anati mayo ine. Anayamba kuvundukula chitenje, ndipo atafika pathupi lokhotakhota lija, mayi wina anafuula kuti alisemanso ndi m'mbali momwe, anthu opanda Mulungu! Koma adadi anangoligwira gitalalo. Analinyamula, n'kuliyeza kulemera m'manja. Anayang'ana kumatako kuli totchunira. Kenaka anadutsitsa chala pansambo zonse zisanu ndi imodzi.

Zinalira bwinobwino, iliyonse pamalo pake. Ndinali nditalitchuna ndekha m'mawa, poti ngakhale pa chipongwe sindingagoneke gitala losatchuna. Inu owerenga, gitala lodulidwa mutu ndi sowo silingalire chomwecho, ndipo m'chipinda monsemo wodziwa zimenezo anali munthu mmodzi. Adadi anatukula maso, sanafunefune. Anandipeza pomwe ndinaima ndi thireyi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Amayi anatsatira maso awo. Ndinaona nkhope ya amayi ikusintha, ndipo ndinadziwa kuti m'mutu mwawo atsegula kale dirowa.

"Iwe," anatero amayi, motsitsa kuja. "Takwera ukatenge..."

"Akatenge gitala la achimwene kunsi kwa bedi lake," adadi anawadula. Mpaka lero sindidziwa kuti anadziwa bwanji za kunsi kwa bedi. Anakhala pampando, n'kuika gitala langa pantchafu, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika, msana ukuwongoka. Anaimba kanyimbo kafupi, dzanja linapitirira kumapeto kwa khosi n'kugwira mphepo, anaseka misozi ikadali m'masaya.

"Abale, pepani takuvutitsani," anatero. "Palibe wadula kanthu. Mwana wangayu wakhala akundimva ndikulira msana. Waluka tsitsi miyezi yonseyi kuti andigulire gitala lopepuka. Kungoti kaperekedwe ka mphatso, anatengera kuchimuna."

Nthungululu zinaphulika mpaka aneba achizungu anasuzumira pawindo. Amayi a Tadala anandikumbatira n'kundinyowetsa ndi misozi, akuti ana a masiku ano oganizira makolo atsala ochepa. Azibambo ankalandirana gitala langa, aliyense kuliyeza m'manja n'kupukusa mutu. Ndikanati chiyani? Kuti ayi, si mphatso, ndimafuna kungowaliza adadi? Ndinagwada mwaulemu n'kunena kuti musathokoze adadi, n'zochepa.

Alendo atapita, amayi anandipeza ndikutsuka makapu. Sananene za pasipoti. Mwamuna wawo anali atalankhula pamaso pa mpingo, sakanamutsutsa. Anangoima pambali panga n'kunena kuti, "Mwana wabwino iwe. Ukudziwa kuti mphatso salanda, eti?" Adadi nawo podutsa anandinong'oneza kuti gitala lija ndilo landiwombola ku tikiti ya ku Malawi, ndisayerekeze kufunsa chenji.

Lero adadi amaimirira kutsogolo Lamlungu lililonse ndi gitala langa lopanda mutu, akudumphadumpha ngati mnyamata, Lolemba n'kudzuka akuimba mluzu. Ana a mutchalitchi amalitcha nkhuku. Ine anandilola tsopano kuphunzirira la malemu, ndipo ndimalinyamula ndekha kukwera nalo basi ya ku Oldbury, phewa likuyaka moto. Ndikapempha kubwereka langa lija amati ndisambe m'manja kaye, ndipo amandiwerengera nyimbo ziwiri.

Tsono anzanga a manja oyabwa, malangizo anga ndi awa. Musaseweretse chinthu chomwe munthu anasiyiridwa ndi malemu, pakuti misozi ya adadi ija sinali mu pulani, ndipo ndi yokhayo yomwe ndikaikumbukira kuseka kumandidukira pakhosi. Musatchere msampha kenaka n'kuvomera kutumidwa kushopu. Ndipo koposa zonse, mukagula chinthu chabwino, musachiike m'manja mwa kholo lomwe likudwala msana.

Kuluka ndayambiranso. Mzungu wa ku Walsall uja akuti mnzake ali ndi lina, lofiira. Limenelo ndikadzagula, ndidzalowa nalo pakhomo masana dzuwa likuswa mtengo, nditalembapo dzina langa ndi penti. Utuchi wotsala uja ndikadali nawo m'kabati. Sindikunena kuti ndili nawo pulani. Ndangoti ndikadali nawo.