Tsiku limene tinaphwasula piyano ya ku kalabu

Mgodi wa ku Kabwe utatsekedwa, eni ake atsopano tinkangowamvera pa wailesi. Ife amene tinkagwira ntchito pansi tinayamba kutola zitsulo zakale n'kumakagulitsa pa sikelo. M'mawa wina tinalowa m'kalabu ya mgodi, imene denga lake anali atasasula kale, n'kupeza piyano itafufuma ndi mvula. Ife tinkafuna chitsulo cholemera cha m'kati mwake.

Piyanoyo ndinkaidziwa. Kwa zaka zambiri amayi ena a ku komboni ya Chililalila ankaimbirapo jazi Loweruka lililonse, ife tikuvina. Gulu lonse la oimba linkatsatira dzanja lawo lamanzere, koma pachithunzi cha pakhoma panali amuna a malipenga okhaokha. Amayiwo ankangooneka chigongono chokha. Tinkangoti amayi a piyano, basi.

Sindikudziwa amene anakauza amayiwo kuti tikuphwasula piyanoyo. Anafika atasenza dengu la tomato wogulitsa, n'kutipeza titakweza nyundo. Ndinkayembekezera kuti atitukwana, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anatula dengu, n'kudina piyanoyo ndi chala chimodzi. Sinalire.

"Abambo, musayambe ndi nyundo," anandiuza. "Masulani kaye mawaya, mmodzimmodzi. Ndi okungika kwambiri, angakubooleni maso."

Anaima pomwepo mpaka titamasula waya womaliza, kenako anasenza tomato wawo n'kumapita. Masana tinakankha chitsulocho pa wilibala kupita ku sikelo. Ngakhale tsiku limenelo sindinawafunse dzina.