Batire ya Alamu Anga

Ndinaphunzira zachipatala chaka chimodzi ndi theka, kenako akuluakulu a pakoleji anandipempha kuti ndipite kaye kwathu ndikaganize bwino. Mpaka lero ndikuganizabe. Koma ku Santhe ukangogwirako buku lokhala ndi chithunzi cha mapapo ndiwe adokotala basi, ngakhale ukugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera monga ndinkachitira ine.

Chaka chimenecho achemwali anga, amene anakwatiwa ndi mlimi wa fodya kutsidya kwa dambo, anangozima. Mutu sunkawapweteka, sankatsokomola. Ankangokhala pakhonde tsiku lonse maso ali kuchigafa cha fodya, osasamba, osadya, munthu amene kale ankasoka fodya kuposa matenanti awiri. Ndinawakweza panjinga mpaka kuchipatala. Anesi oona za maganizo anacheza nawo modekha, n'kutiuza kuti ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu, si ulesi ayi, si kulodzedwa ayi. Anatipatsa timapiritsi takumwa kamodzi patsiku, ndipo anabwereza katatu kuti mankhwalawa sagwira msanga: pamapita masabata atatu, anayi, mwina kupitirira apo. Poyamba amangoumitsa kukamwa ndi kuodzeretsa, ndipo munthu sasiya ngakhale atayamba kupezako bwino. Anatchulanso kuti matenda akafika poipitsitsa, mankhwala n'kukanika, kuchipatala chachikulu kuli chithandizo cha magetsi a kumutu. Alamu anga, amene anatipeza komweko atavala jekete, pa zonsezo anatolapo mawu amodzi okha: magetsi.

Alamu anga ndi munthu wa sayansi. Amadziwa kuti ukathira feteleza Lolemba, pofika Lamlungu fodya wabiriwira. Amadziwanso kuti mankhwala a malungo ndi masiku atatu. Choncho tsiku lachinayi anawayang'anitsitsa akazi awo, anaona kuti sanabiriwire, ndipo analengeza kuti mapiritsiwo ndi choko. Anawalanda. Kutaya sanataye, poti alamu sataya kanthu. Atamva kuti amagonetsa, anayamba kugawira matenanti odandaula msana, limodzilimodzi, ngati maswiti.

Patapita sabata ananditumizira uthenga woti ndipite msanga, pali nkhani ya zachipatala. Ndinawapeza m'chigafa masana, fodya ali lendelende pamwamba, iwo atakhala pabelo. Pambali pawo panali batire ya sola ndi mawaya awiri osendedwa kunsonga.

"Adokotala, fikani," anatero. "Paja musanachotsedwe kuja munafikako pa magetsi?"

"Ndinalekezera pa mafupa a phazi, alamu."

"Ndi zomwezo. Taonani, kusankha fodya kwayamba, manja akuchepa, achemwali anuwa angokhala ngati chitsa. Anesi aja anati zachangu ndi magetsi. Ndiye ndisiye fodya ndizikapondaponda kuchipatala chachikulu? Batire nayi, yodzadza. Inu mungondilozera poika."

Ndinavula chipewa, chifukwa pamaso pa nzeru zotere munthu sukhala chivalire. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, monga ulankhulira ndi ng'ombe imene yalowa m'dimba. Ndinati kuchipatala chachikuluko wodwala kapena abale ake amayamba avomera, amamuyeza mtima, amamugonetsa ndi mankhwala, amamubaya ena ofewetsa minofu, ndipo magetsi ake amayezedwa ndi makina, masekondi owerengeka, madokotala ali chilili pomwepo. Ndinati chimenecho ndi chithandizo, chimapulumutsa anthu. Chimene mwakonza inuchi dzina lake amalitchula kukhoti.

Anagwedeza mutu momvetsa.

"Ndiye mukuti ya solayi ndi yochepa mphamvu?"

"Chochepa mphamvu m'chigafa muno si batire, alamu."

"Mukundinyoza pakhomo panga?"

"Ndikukuyezani. Mapiritsi aja ali kuti?"

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala. Munatsala asanu ndi limodzi. Anandiuza monyadira kuti matenanti akuwayamikira kwambiri, kungoti akumadzuka mochedwa.

Ndinatuluka kupita pakhonde pamene panali achemwali. Ndinakhala pansi pambali pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatsata bwino kumene maso awo ankaloza. Sikunali kufodya. Pamtanda wa chigafa panali botolo la mankhwala opopera fodya, lotsala theka. Masabata onsewo ankayang'ana limenelo. Nthabwala zinandithera.

"Achemwali, tiyeni kwa amayi."

"Ndikakuvutitsani chabe," anatero chapansipansi.

"Mukativutitse komweko. Kwerani."

Sanatenge kanthu, ngakhale chitenje chachiwiri. Tikutuluka pabwalo, alamu anafuula kumbuyo kuti, "Nanga fodyayu asankhe ndani?"

"Mulumikizeni kubatire," ndinatero, n'kupalasa.

M'mawa mwake tinabwerera kwa anesi aja. Ndinawauza zonse, za botolo zomwe. Anakhala ndi achemwali nthawi yaitali chitseko chili chotseka, kenako anatipatsa mapiritsi ena n'kulamula kuti aziwasunga amayi, komanso kuti achemwali asamakhale okha. Amayi anawamangirira pamfundo ya chitenje, ndipo palibe tenanti amene akanawafikira pamenepo.

Sabata yoyamba, palibe chinasintha. Yachiwiri, chimodzimodzi, moti nanenso, ndi maphunziro anga onse, ndinayamba kuliyang'ana piritsilo mokayikira. Yachitatu anasamba popanda wowauza. Yachisanu anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuchapa malaya, anaima nthawi ndithu akundiyang'ana.

"Iwe, ukuchapa kapena ukuwapepesa? Bweretsa kuno, chitsiru."

Ndinawapatsa, sopo yemwe.

Alamu anabwera fodya atapita kale kuokushoni, atanyamula shuga, kudzatenga akazi awo poti amva kuti achira. Achemwali anawalandira bwino, anawapatsa mpando. Kenako anawauza kuti anesi anati mankhwala apitirire miyezi ingapo, ndipo adzamwera pompano. Zobwerera kutsidya adzaziona akadzamaliza, ngati adzafune. Alamu anayang'ana kwa ine kuti mwina ndinenepo kanthu mwaudokotala. Ndinawatsimikizira kuti zimenezo ndiye sindinaphunzire.