Suti ya Malume Anga

Jakaranda akachita maluwa mu Harare, ine mtima umandiwawa. Ndi nyengo imene ana a ku yunivesite amavala mikanjo yakuda ndi zipewa zija zonga thabwa, n'kumajambulitsa m'tauni ndi makolo awo. Ndimawaonera pawindo la kombi, minibasi ya kuno, ndikamachokera ku Southerton, kumene ndimalongedza sopo m'makatoni. Nsanje ndimawachitira, ndisaname. Nanenso ndinakhalako kumeneko zaka ziwiri, mpaka lamulo linanditulutsa.

Amene anandipititsa kumeneko anali malume anga, mchimwene wawo wa amayi. Iwo ndi amayi anabadwira pafamu ya fodya kupyola Chegutu, kumene agogo anafikira atachoka ku Malawi. Mafamu atasintha eni, banja lonse linadzapanikizana m'zipinda ziwiri ku Mufakose, malume n'kupeza ntchito ya ulonda. Bambo anga ali moyo mpaka lero, ku Waterfalls ndi mkazi wina. Anachoka ndisanayambe kuyenda, ndipo kwathu palibe amene anawathamangira, chifukwa mwa Chichewa ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume. Ndiwo ankandilipirira fizi, ndiwo ankandikalipira ndikachedwa kubwera, ndiwonso anaima pamzere ndi amayi pokanditengera chiphaso chobadwira. N'chifukwa chake dzina langa lachiwiri ndi lawo.

Tsiku limene tinamva kuti anditenga ku yunivesite, malume sanavine kapena kulira. Anakwera kombi kupita ku Mbare, n'kubwera ndi suti yotuwa ya pakaunjika. Manja ake anali aatali moti zala zokha ndizo zinkaoneka. Anaikulunga m'pulasitiki n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko.

"Iyi ndi ya tsiku limene udzavale chipewa," anatero.

"Achimwene, zaka zinayi njenjete zidzakusiyirani mabatani okha," amayi anawaseka.

"Zidye. Ndidzapita ndi mabataniwo."

Maukwati anadutsa, misonkhano ya tchalitchi inadutsa, suti ili phe kuseri kwa chitseko. Mnzawo wina atabwera kudzaibwereka kuti akavale kuchinkhoswe, anabwerera ndi tiyi yekha m'mimba.

Ndinkaphunzira zaulimi, ndipo malume sankatopa kundiseka nazo. Ankati iwo anathawa khasu ndi miyendo, ine ndikulibwerera ndi mabuku. Koma malo aja ndinawakonda kwambiri. Ndimasowa nyumba yowerengera, mpando wanga wa pafupi ndi windo, ndi bata lija lomwe ku Mufakose sungalipeze ngakhale utalifuna ndi nyali. Ndimasowa fungo la kapinga akangomutchetcha. Ndimasowa ngakhale mphunzitsi wa zadothi, yemwe ankatilawitsa dothi palilime ngati ndife amayi oyembekezera. Kumeneko ndinali munthu amene akupita kwinakwake.

Malamulo anatiwerengera sabata yoyamba, ife tili kalikiliki kuyang'ana nsapato za anzathu. Ukalephera phunziro pang'ono, umalembanso mayeso amene tinkawatcha sapu. Ukalephera kwambiri, umalinyamula phunzirolo kupita nalo chaka chotsatira. Ukalephera angapo, amakuika pa chenjezo. Ndipo amene ali pa chenjezo akalepheranso, amamuchotsa. Kusalemba mayeso popanda chifukwa chovomerezeka nako n'kulephera. Zifukwa zovomerezeka zinali matenda ako iwe mwini, kapena imfa ya wachibale weniweni: kholo lokubala, m'bale wa bere limodzi, mwamuna kapena mkazi wako, mwana wako. Tonse tinagwedeza mitu. Ndani amamvetsera za maliro ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi?

Chaka choyamba chinandigwetsa. Masamu ndi kemisitile zinandipinda ngati mphasa, ndipo ndinalowa chaka chachiwiri ndili pa chenjezo. Ndinkaopa kuwauza malume kuposa kuopa yunivesiteyo. Atamva, anayang'ana kuchitseko.

"Ndiye kuti sutiyi idikire chaka china?"

"Ayi malume, bola ndisagwenso."

"Ndiye usagwe. Wafuna kuti ndidzalowe nayo ndili ndi ndodo?"

Sindinafune kugwa. Ndinasiya kuthandiza amayi kugulitsa tomato pamsika, ndinasiya kwaya, ndinasiya ngakhale kamnyamata kena kamene kankandiperekeza kokwerera kombi. Masamu aja ndinawagwira pakhosi mpaka anayamba kundimvera. Mayeso atayandikira, kwa nthawi yoyamba ndinkawalakalaka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Malume anagwa pageti la kuntchito kwawo m'mawa wina akuweruka, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita. Mayeso a masamu anali mkuja lake, a kemisitile tsiku lotsatira. Malume anali atanena kalekale kuti akadzafa tisadzawaike m'manda a m'tauni pakati pa alendo, tidzawabwezere kufamu kuja, pafupi ndi amayi awo. Abungwe la maliro, azibambo achikulire a kwathu amene ankasonkhana nawo mwezi ndi mwezi, anapeza lole. Tsiku loika linagwera pa tsiku la masamu.

Palibe anandikoka dzanja. Ndinangotchula za mayeso pakhomo, mkulu wa bungwe uja n'kundiyang'ana modabwa.

"Mwanawe, aphunzitsi akowo si anthu? Ukakawauza kuti wamwalira ndi malume ako, adzakupepesa okha. Maliro n'kulirana."

Amayi, maso atatupa, anangoti, "Mbumba yawo ndiwe. Akapita opanda iwe, anthu adzati analera chiyani?"

Nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. M'mutu mwanga, mawu aja akuti wachibale weniweni ankayambira pa malume, ena onse n'kumatsatira pambuyo. Ndinatumiza uthenga kwa mnzanga wa m'kalasi kuti akauze aphunzitsi, ndipo ndinakwera lole.

Osambitsa thupi atafunsa chovala, amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pulasitiki ija. Ndinafuna kukuwa kuti ayi, imeneyo si ya lero. Koma akanavala chiyani? Zovala zawo zina zinali yunifomu ya ulonda ndi malaya awiri othetheka pakolala. Titaitanidwa kukaona nkhope, ndinaona kuti wina wapinda manja a jekete mosamala kuti zala zioneke. Inawakhala bwino, mwa njira imene sindinaifune.

Tinawaika kumanda akale a antchito, kuseri kwa zigafa zogumuka. Tinakhalako mpaka tsiku lometa, monga mwa mwambo, ndipo ndinabwerera ku Harare mutu uli mbee, mapepala onse awiri atalembedwa kale.

Mnzanga uja, mtsikana wa Chishona wa mtima wabwino ndi pakamwa pachangu, anandidikira pageti la yunivesite. Anali atafunsa kale ku ofesi. Anati ndiyenera kukaonekera pamaso pa komiti yomva madandaulo, ndikapereke chikalata cha imfa, iwo aone ngati angandipatse mayeso apadera.

"Koma shamwari, mvera," anatero akundikokera pambali. "Usakanene kuti ndi sekuru, malume akowo. Sekuru sawerengedwa, aliyense ali nawo khumi. Dzina lanu ndi limodzi, si choncho? Ukangoti ndi baba, bambo ako okubala. Palibe adzafufuze."

Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti iye sakudziwa, kwathu malume ndi wamkulu kuposa bambo, ndikawafotokozera amvetsa. Iye anagwira m'chiuno n'kunena kuti komiti si bungwe la maliro.

M'chipindamo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Sanali ankhanza, ndipo zimenezo zimandipwetekabe, chifukwa munthu wankhanza umatha kumuda n'kupumula. Mayi amene ankatsogolera anandipepesa, anayang'ana chikalata, anayang'ana mutu wanga wometa, n'kufunsa mofatsa m'Chingerezi kuti malemuwa anali ndani kwa ine.

Mawu a mnzanga anali m'khutu. Liwu limodzi lokha, ndipo mpando wanga wa pawindo ukanakhala wanga. Ndinatsegula pakamwa ndithu kuti ndilinene. Koma bambo ndinali nawo, munthu amene anandiona kamodzi pamsika n'kundifunsa kuti ndili giredi chani ndili kale fomu folo. Kuwatcha malume dzina limenelo kunali kuwatsitsa. Munthu wagona m'dothi ndi suti ya tsiku langa, ine ndimuchotse pampando wake chifukwa cha masamu?

"Anali malume anga," ndinatero. "Mchimwene wa amayi."

Ndinafotokoza zonse, za mbumba, za fizi, za chiphaso chobadwira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka bambo wina wa magalasi anafunsa ngati bambo anga ondibala ali moyo. Ndinati ali moyo. Amayi? Ali moyo. Anayang'anana. Mayi uja anati akumva chisoni, koma lamulo linatchula achibale ake, ndipo akalitsegulira ine ndiye kuti alitsegulira aliyense. Ndikanakhala kuti sindili pa chenjezo, ndikanangonyamula maphunzirowo. Koma ndinali pa chenjezo. Anati ndingathe kudzapemphanso malo pakapita zaka ziwiri.

Mnzanga anandiperekeza kokwerera kombi. Titafika anandimenya paphewa, akulira, n'kunditcha chitsiru m'zilankhulo ziwiri. Chaka chake chitakwana anavala chipewa, ndipo chithunzi anatumiza. Ndinachisunga.

Amayi nditawauza, anakhala pansi pakhonde n'kuvula mpango. Anati akanadziwa akanandithamangitsa pa lole paja ndi chikuni. Mkulu wa bungwe anafuna kuvala jekete kuti akalankhule nawo yekha aphunzitsiwo, akawaphunzitse chibale. Tinachita kumugwira. Madzi akatayika saoleka.

Zaka ziwiri zija zinakwana, zina n'kuwonjezekapo. Sindinapemphenso malo. Amene ankandilipirira ndi omwe aja tinawasiya kuseri kwa zigafa, ndipo sopo salipira yunivesite. Mabuku a masamu ndikadali nawo pansi pa bedi. Nthawi zina Lamlungu ndimatulutsa limodzi n'kuwerengera funso, kungofuna kuona ngati mutu ukadalipo. Ukadalipo, ndipo ndikapeza yankho ndimasowa woti ndimuonetse.

Anthu amandifunsa ngati ndimadandaula. Inde ndimadandaula, tsiku lililonse pamene ndikumata makatoni. Ndimafuna mpando wanga uja. Ndimafuna kumva malume akundiseka za khasu. Koma mukandibwezera m'chipinda chija, mayi uja n'kundifunsanso, sindikudziwa kuti pakamwa panga pangatuluke liwu lina.

Msomali uja ukadali kuseri kwa chitseko, ndipo palibe amene amapachikapo kanthu. Tinapangana kuti suti ija adzaivala tsiku langa lomaliza sukulu. Malume sankaphwanya pangano. Anaivaladi tsiku lomwelo.