Tenti ya Alendo Kumanda kwa a Chirambo

Apongozi anga, a Mateyu Chirambo, amakhala m'mbali mwa msewu wafumbi kupitirira pa Katowo. Amalima fodya ndi nyemba. Chiwamwalirire akazi awo, chimene chimawasangalatsa ndi alendo basi. Ine ndinakwatiwa kuno kuchokera ku Ntchisi, ndipo ndimawaitana kuti adada monga achitira onse.

Chaka chatha kunafika azungu awiri pa njinga, akupita ku Nyika. Anati kumalo ogona alendo anthu achuluka, phokoso lokhalokha, akufuna kwa okha. Adada anawalozera kuseri kwa chigafa cha fodya kuti akhome tenti, osawalipiritsa. Azunguwo analemba malowo pa foni kuti anzawo adziwe. Basi alendo anayamba kubwera, ena osanena ndi odi yemwe.

Tsiku lina mmawa ndikupita kumadzi, mwana wanga Temwa ali kumsana, ndinaona utsi kumanda. Kumeneko mitengo ndi italiitali chifukwa palibe amadula, ndiye alendo atatu anaona ngati nkhalango yabwino yamthunzi. Tenti anaikhoma pakati pa mitumbira. Miyala ya pamanda a amama, malemu akazi a adada, anaisandutsa mafuwa, ketulo ili pamwamba.

Ndinabwerera, nkugwada chapatali.

"Adada, kumanda kuli utsi."

Anapita osavala nsapato. Alendowo anawalandira akumwetulira, wina nkuwapatsa kapu ya khofi, amvekere kuthokoza m'Chitumbuka, "Yewo chomene!" Adada analunjika pamoto paja. Anatola miyala ija ikadali yotentha, umodziumodzi, nkuibwezera pamalo pake. M'manja munatuluka matuza.

Masana kunabwera ang'ono awo a adada, a Amock, ali ndi abale ena.

"Akulu, manda mwawasandutsa hotela? Bwanji osangoikako chikwangwani?"

"Ana aja sanadziwe, Amock."

"Nanga njira anaidziwa bwanji? Si inu? Tamverani. Akagonanso mlendo pano, tsiku lanu likadzakwana tidzakuikani kuseri kwa chigafa komweko, muzidzalandira anzanuwo. Pafupi ndi alamu athu ayi."

Wina anaseka. Adada anangoyang'ana pansi. Malo awo pambali pa amama anawasonyeza kalekale kwa ana onse.

Mawa lake anadula minga nkutseka kanjira kolowera kuchigafa. Amuna anga anayesa kufufuta zolemba za pa foni zija, koma akuti amene analemba yekha ndiye angathe, ndipo kwawo sitikudziwako.

Sabata yatha kunafika mtsikana ali yekha pa njinga, miyendo ili mbuu, mvula itayamba kale kudontha. Anaima pamingapo, foni m'manja, nkunena odi kawiri. Adada anali pakhonde. Ndinaona milomo yawo ikufuna kuyankha. Kenaka anadzuka, nkulowa m'nyumba, nkutseka chitseko.

Mtsikanayo anandiyang'ana ine. Ndinangoweramira mwana. Anakankha njinga yake kukwera chitunda, mvula ikumumenya.